Yudasi wa Mpango Wachikasu

Chiyambire, chipani cha Nthaka ndi Ntchito sichinadziwepo mtsogoleri wina koma Don Heriberto Samudio. Madokotala atawauza kuti mtima wawo watopa, apume, anthu atatu anadzuka kufuna mpandowo. Woyamba anali Leoncio Arzamendia, mlembi wamkulu wa chipanicho, munthu wodziwa nthambi iliyonse, wapampando wake, ngakhalenso matenda a mkazi wa wapampandoyo. Wachiwiri anali Teófilo Almirón, phungu wa ku Caaguazú, amene dziko lonse linkamutcha Tambala chifukwa cha chipewa chake choyera, chifuwa chotukumuka ndi mawu osasowa chimkuzamawu. Wachitatu anali Ña Eduvigis Rolón a ku Pilar. Iwowa sankalota zopambana, koma nthumwi zonse za m'mbali mwa mtsinje zinali m'thumba la epuloni yawo.

Masamu ake ngakhale mwana akanawatha. Leoncio ndi Teófilo anali atagawana nthumwi za kumtunda pafupifupi pakati, ndipo kumene Ña Eduvigis akanapendekera pa msonkhano waukulu wa mu Julayi, mpando ukanagwera komweko.

Amuna awiriwo sanali adani. Analowa chipani tsiku limodzi ali anyamata, atakwera lole imodzi ya thonje. Teófilo ndiye ananyamula mwana wamkazi wa Leoncio pa ubatizo, ndipo kuchokera tsikulo ankaitanana kuti kompadre. Mpikisano utayamba anapitirizabe kuimbirana lamya Lamulungu, kunyozana za mpira. Chimene chinalowa pakati pawo chinali kansalu.

Mu Meyi, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Don Heriberto, akuluakulu a chipani anasonkhana pabwalo la nyumba yawo ku Luque, nyama ili pamakala, zeze akulira. Mphepo ya kummwera inayamba kuwomba. Teófilo, amene anali atangomaliza kuimba, anatsokomola. Don Heriberto anamukodola, anamasula mpango wa m'khosi mwawo, n'kumumanga nawo. Anthu anaomba m'manja, malamya anajambula.

Mpango wachikasu aliyense wa m'chipani ali nawo, amagulitsa pamsika uliwonse. Koma uwu unali utayenda nawo pa zionetsero zoyamba zofuna malo olima, unagona nawo m'ndende, unasuluka mpaka kufanana ndi mnofu wa nthochi. Pakona pake panali bowo la ndudu limene malemu akazi awo anasoka ndi ulusi woyera. Zala za Don Heriberto zitayamba kuuma, amene ankawamanga mpangowo asanakwere pansanja anali Leoncio, chaka ndi chaka. Tsikulo anaima chapafupi, fulasiki ili m'khwapa, ndipo naye anaomba m'manja mmene fulasikiyo inamulolera.

Patapita sabata anakhala awiri pakhonde masana, akumwa terere. Ntchito yotsanulira madzi ozizira pamasamba m'chikho cha nyanga inali ya Leoncio kuyambira kalekale.

“Mwana iwe, watsanulira kawiri osandipatsa,” anatero Don Heriberto. “Ukumwa wekha ngati wakuba. Chavuta n'chiyani?”

“Palibe, Don Heriberto.”

“Palibe wake uti? Nkhope ngati wameza chule. Ndi kansalu kaja eti?”

Leoncio anadzaza chikho, n'kuwapatsa.

“Tamvera ndikuuze, ndipo sindibwereza. Mpando ndi wako. Ndinalankhula naye Eduvigis, amamuopa Tambala ngati madzi osefukira. Chipani chimafuna munthu wodziwa kumene kumakhala makiyi. Koma Tambala akagwa chimanjamanja atuluka ndi anthu ake, akayambitsa chake, ndiye udzatsogolera theka la nyumba. Ayenera kugwa atagwira kanthu. Iye ndamupatsa nsalu, iwe ndikukupatsa nyumba. Ukufuna musinthane?”

“Bwanji osanena zimenezi poyera?”

“Kuti atuluke mawa m'mawa? Unaphunzira kwa ndani ndale iwe?” Anayamwa terereyo mpaka kampope kanalira, n'kubweza chikho. “Pita ku Pilar. Ukadye zimene akakupatse, usakatsutse kanthu.”

Nzeruyo inali yabwino, ndipo Leoncio anaiona kuti ndi yabwino. Akanakhala wina, iye yemwe akanamulangiza chimodzimodzi. Koma panjira yobwerera, pakhoma lililonse panali chithunzi cha Tambala, chipewa choyera, mano onse panja, mpango wosuluka m'khosi. Palibe mawu amene analembapo onena kuti mdala wasankha; anthu ankanena okha. Wothira mafuta pagalimoto anamuuza zomwezo osamuzindikira. Kunyumba, mwana wake Zunilda anamuonetsa chithunzicho pa lamya, nati, “Ababa, taonani atate anga a ubatizo mmene wawakhalira!” Leoncio anavomera kuti wawakhaladi.

Panalinso china chimene sankauza munthu. M'dziko limene wopindika miyendo, wamphuno yaikulu, ngakhale wansembe amapatsidwa dzina lachipongwe, iye anali asanapatsidwepo. Anthu ankamutcha Don Leoncio, mwaulemu, n'kupitiriza zawo.

Ku Pilar anapita ndi mlamu wake Wilfrido, amene ankayendetsa galimoto ndi kampeni yomwe. Anapeza Ña Eduvigis kukhitchini, manja ali mbuu ndi ufa wa chinangwa, akuyesa kuphika mbeju, chigumu cha m'chiwaya cha phwando la Yohane Woyera limene nthambi yawo inkachita chaka chilichonse. Pakhoma panali chithunzi cha malemu amuna awo, mpango wachikasu utakoledwa pafelemu.

“Khalani apo, Don Leoncio, musaope ufa, suti yanu ndi yotuwa kale. Idyani. Uyu mlamu wanu musamupatse wambiri, mpando wanga ndi wofooka.”

Anadya. Zofuna za mayiwo zinali zochepa ndi zomveka: iwo akhale wachiwiri kwa mtsogoleri, ndipo opikisana a m'mbali mwa mtsinje azisankhidwa ndi anthu a m'mbali mwa mtsinje, osati ndi aofesi a ku Asunción amene sadziwa kusiyanitsa bwato ndi bafa. Leoncio anavomera zonse.

“Kompadre wanu anabwera sabata yatha,” anatero akutembenuza mbeju m'chiwaya. “Anabwera ndi oimba atatu, n'kuima pansi pa zenera langa kumandiimbira ngati kamtsikana ka sukulu. Ine! Ndinaseka mpaka mano oikirira anagwera m'beseni. Agalu onse a mumsewu uno anamuthandiza kuimba.” Anapukuta misozi ndi kunja kwa dzanja. “Mnyamata uja ndimamukonda, Mulungu andikhululukire. Koma makiyi a khola sindingamupatse. Angatsegule kuti ng'ombe zimuombere m'manja.”

“Nanga ine, Ña Eduvigis?” anafunsa Leoncio, akuyesa kuseka.

“Inu? Inu muli ngati mankhwala a njoka za m'mimba. Palibe amakukondani, koma aliyense amadziwa ntchito yanu. Musakwiye, ndikukuyamikirani pamenepa.”

Wilfrido anaseka mpaka kutsamwa. Leoncio anasekanso pang'ono.

“Ndiye tamverani. Pa phwando mubwere nonse awiri, poti phwando ndi la Woyera, si lachipani. Chidole cha Yudasi chikangopsa, oimba ayamba polika, ndipo yoyambayo ndidzavina ndi inu. Sindidzanena mawu. Anthu anga nyuzipepala za ku Asunción amakulungira nsomba, koma miyendo yanga amaiwerenga bwino. Chimodzi chokha: pabwalo panga sipanyozedwa munthu wachipani. Julayi akatha tidzafunana tonse.”

Leoncio anafunsa ngati pali chimene angathandize pa phwandolo. Mayiwo anati ng'ombe ilipo, oimba alipo, mwina Yudasi, chidole chowotcha chodzaza makombola m'mimba, poti telala Pánfilo, amene amachisoka, amalira chaka chilichonse kuti makombola akwera mtengo. Leoncio anati Yudasi akhala wake.

Shopu ya Pánfilo inali kuseri kwa msika. Chidole cha chaka chimenecho chinali chitagonekedwa patebulo: udzudzu waukulu ngati munthu, wa miyendo ya waya, poti matenda a dengi anali atavutitsa tauni yonse. Chaka chatha anawotcha woimbira mpira, chinacho anawotcha kukwera mtengo kwa mafuta. Pakhomo la shopuyo wina anali atamatapo chithunzi cha Tambala. Leoncio anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Bambo Pánfilo, munthu uyu mungamusoke?”

“Tambala? Aa, ameneyu ngakhale nditatsinzina! Chipewa, ndevu za pamlomo, pilo pachifuwa, basi wathaitha. Anthu angafe nako kuseka.” Telalayo anamuyang'ana Leoncio kuyambira kumutu mpaka kunsapato. “Mukanati inuyo, bwana, ndikanavutika. Ndingaike chiyani kuti anthu adziwe? Suti? Angati tikuwotcha wa inshuwalansi.”

“Musoke Tambala,” anatero Leoncio. “Ndipo m'khosi mukhale mpango.”

Wilfrido anamukokera panja.

“Alamu, mwadya chiyani kwa mayi aja? Mwamva zimene anena?”

“Ndi nthabwala. Pa Yohane Woyera amawotcha aliyense, ngakhale nduna. Iye yemwe adzaseka.”

“Chabwino, chipewa, chifuwa, adzaseka. Nanga mpango walakwa chiyani? Mpando tautenga kale, alamu. Chatsala n'kuvina polika imodzi osaponda mayi aja phazi. Tiyeni tiziyeserera zimenezo, ine ndikhala Ña Eduvigis.”

“Wopanda mpango si iyeyo. Mwaziona zithunzi? Wavala chinthu chimene sanachivutikire, akunamiza nacho nthumwi. Anthu aone kuti ndi chidole chovekedwa.”

“Nthumwi zake ziti? Zathu zikudziwa, za mayi aja zidikira miyendo yawo. Mukufuna kuuza ndani?”

Leoncio anamusiya panja pomwepo. Analowanso m'shopu. Anatuma kuti agule mpango pamsika, auviike mu bulichi mpaka usuluke. Kenako anatenga ndudu ya telala ili chiyakire, anaboola pakona, n'kumuonetsa mmene ulusi woyera uyenera kudutsirana, katatu chopingasa, monga anasokera malemu akazi a Don Heriberto. Anachita zimenezi modekha ndi mosamala, ngati mmene ankachitira ntchito zake zonse. Pánfilo anati sanaonepo kasitomala wokonda Yudasi wake chonchi.

Tsiku la phwando kunatentha, monga kumachitira masiku a Yohane Woyera pakati pa chisanu. Dzuwa likulowa, bwalo la nthambi linali litadzaza. Anyamata ankamenya mpira wansanza woviikidwa mu palafini ukuyaka, atsikana akuthawa ndi kukuwa. Kumbali amuna ankasalaza makala oti olimba mtima adzapondepo opanda nsapato. Nthumwi za m'mbali mwa mtsinje zinakhala pamabenchi a kutsogolo, nkhalamba zambiri, asodzi ndi oweta ng'ombe, aliyense mpango wake m'khosi. Panthambi ya mango panalendewera Yudasi, ataphimbidwa ndi chiguduli.

Teófilo anafika mochedwa monga mwa masiku onse, ndipo bwalo lonse linatembenuka.

“Kompadre!” anakuwa ali patali, manja atatambasula. “Akulolani kutuluka mu ofesi? Ndani akulondera mafayilo?” Anamukumbatira mpaka kumunyamula. Ankanunkhira mafuta odzola okwera mtengo. “Zunilda wanga ali bwanji? Mumuuze kuti kamnyamata kake ka njinga yamoto ndakaona, sindinakakonde.”

“Ali bwino, kompadre. Mpangowo wakukhalani.”

“Umandiyabwa, musauze mdala. Koma ndivule bwanji?”

Mawu amenewo anamulowa Leoncio ngati minga. Ngati panali kamphindi koti akanong'oneze Pánfilo kuti achotse nsaluyo, kanali kameneko, ndipo anakalola kadutse.

Ña Eduvigis anaomba m'manja kuti nthawi yakwana. Mnyamata wina anakoka chiguduli, wina anagunditsa muuni kumapazi a chidole. Bwalo linaphulika ndi phwete. Chinali Tambala weniweni: chipewa chopendekeka, ndevu za ubweya wa hatchi, chifuwa ngati cha nkhukundembo. Woseka kuposa onse anali mwiniwake.

“Ndani wandisoka bwino chonchi?” anakuwa, akuvula chipewa kupereka ulemu kwa chidolecho. “Mkazi wanga akamuona ameneyu andisiya, poti salankhula! Koma mimba mwandibera, Pánfilo, ndikakusumira!”

Anthu anayamba kuimba dzina lake, Tambala, Tambala. Leoncio anayang'ana khamulo. Ngakhale akumuwotcha, ankamukonda.

Moto unakwera m'mathalauza, unagwira jekete, ndipo kuwala kwake kunafika m'khosi. Kuseka kunayamba kuzima kuchokera ku mabenchi a kutsogolo. Nkhalamba ina inaimirira, inanso inaimirira. Wina anati, “Mpango uwo.” Ana okha kumbuyo ndi amene anapitiriza kukuwa.

Teófilo anasiya kuseka. Anaponya chipewa pansi, analumphira pabenchi, n'kulowetsa dzanja m'malawi. Mfundo inakana, poti Leoncio anali ataimanga yekha, mfundo yomweyo ya pansanja. Anakoka kachiwiri. Makombola a m'mimba mwa Yudasi anayamba kuphulika, utuchi woyaka ukumwazikira pankhope pake, amayi akukuwa kuti atsike. Anakoka kachitatu, mutu wa chidole unathothoka, ndipo anagwera chagada pafumbi, nsalu yofuka utsi ili m'dzanja.

Anthu anamuzinga. Wina anathira madzi a m'fulasiki padzanjapo. Leoncio anayandikira, anafufuza pankhope ya kompadre wakeyo kuti aonepo chinyengo, kamaso koyang'ana kumene kuli malamya ojambula. Sanachipeze. Munthuyo ankangoluma mano ndi ululu, akutukwana chapansipansi. Zimenezi zinamupweteka Leoncio kuposa china chilichonse madzulo amenewo: iye anaganiza sabata yathunthu kuti achite choipa, mnzakeyo sanaganize n'komwe kuti achite chabwino.

Ña Eduvigis anatola nsaluyo, anaitambasula pafupi ndi nyale. Theka linali litapsa. Kona ya ulusi woyera inatsala. Anaiyang'ana, kenako anayenda pang'onopang'ono kufika pamene panaima Leoncio.

“Mpaka kabowo,” anatero motsitsa mawu. “Munalimbikira.”

“Ña Eduvigis, inali nthabwala chabe. Ndi nsalu ya pamsika iyi. Weniweniwo si uwo uli m'khosi mwakemo?”

“Mwamuna wanga tinamuika m'manda atavala wa pamsika, Don Leoncio. Onse akhala apawa adzapita atavala wa pamsika.” Anapinda nsaluyo n'kuiika m'thumba la epuloni. “Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Ndinkaopa uja kuti angatsegule khola. Sindinadziwe kuti wamakiyi angaliyatse.”

Oimba, osadziwa chochita, anayamba polika monga anauzidwira. Ña Eduvigis anavula epuloni, anapatsira mtsikana wina, n'kupita pamene Teófilo anakhala, dzanja litakulungidwa m'thaulo lonyowa.

“Dzuka, Tambala. Wapsa dzanja, miyendo ili bwino.”

Anavina okha awiri pakati pa bwalo, iye dzanja lili m'mwamba ngati wonyamula mbale, ndipo nthumwi za m'mbali mwa mtsinje zinawerenga. Wilfrido anapita kukakhala m'galimoto.

Masabata otsalawo Leoncio anagwira ntchito kuposa kale lonse. Anayendera nthambi zonse za kumtunda, analonjeza zimene akanatha ndi zina zimene sakanatha, ndipo anthu ake ambiri sanamuthawe, poti anali atawachitira zabwino zaka zambiri. Koma ku Pilar lamya inkangolira. Kanema wa dzanja m'moto anafika m'lamya iliyonse ya m'dzikomo. Teófilo sanamutchule Leoncio dzina pamsonkhano uliwonse. Atolankhani akamufunsa ankangoti, “Pa Yohane Woyera timawotchana, ndi mwambo,” n'kukweza bandeji, anthu n'kukuwa. Lamulungu anaimbabe lamya kunena za mpira. Leoncio ankaiyang'ana ikulira mpaka kusiya.

Ku Luque anapitako kamodzi. Anapeza namwino akutsanulira terere, mosadziwa, madzi akusefukira. Anatambasula dzanja kuti alandire fulasiki.

“Msiye, akuphunzira,” anatero Don Heriberto. Anayang'ana ku mitengo ya malalanje. “Ndinakufunsa ngati ukufuna musinthane. Ukanangondiyankha pomwe paja.”

Msonkhano waukulu unachitikira m'holo ya masewero ku Asunción, kunja kukuwaza mvula yozizira. Mavoti a kumtunda anabwera monga Leoncio ankadziwira, iye patsogolo pang'ono. Kenako anawerenga a m'mbali mwa mtsinje, ndipo dzina linali limodzi lokhalokha, mpaka wowerengayo anayamba kulitchula motopa. Holo inagwedezeka. Ng'oma, malipenga, mipango yachikasu ikuzungulira m'mwamba.

Mwambo wa chipani ndi wakuti wogonja akwere pansanja, akumbatirane ndi wopambana nthumwi zikuona, kuti pasakhale wotuluka ndi mkwiyo. Leoncio anakwera. Kumapeto kwa nsanja kunali Don Heriberto pa njinga ya odwala, bulangete pamaondo, ndi Ña Eduvigis pambali pawo. Teófilo anamukumbatira, bandeji ikumukanda pakhosi.

“Kompadre, ndinu chitsiru,” anamunong'oneza m'khutu. “Mpando uwu unali wanu, ine ndinkadziwa, mdala ankadziwa. Ndinali nditakonza kale zolankhula za wogonja, zokoma kwambiri, anthu akanalira. Tsopano ndiutani? Sindidziwa ngakhale kumene timalipira magetsi. Lolemba mubwere ku ofesi.”

Asanayankhe, Teófilo anatembenukira ku chimkuzamawu.

“Abale anga! Munthu uyu wamanga mpango uwu m'khosi mwa mdala wathu zaka zambiri, ine ndikuimba nyimbo. Ine wandifunditsa miyezi iwiri ya chifuwa, wakwana. Ubwerere kwa woudziwa!”

Anausolola m'khosi ndi dzanja lamanzere, n'kuukoleka paphewa la Leoncio. Holo inapenga. Tambala, Tambala, mtima wake ngati nyumba. Nkhalamba za ku Pilar zinkapukuta m'maso. Leoncio anaona kuti ngakhale ichi chawonjezera mnzakeyo, ndipo sanathe kudziwa ngati anachikonza kapena changomutulukira, monga zinkamutulukira zonse.

Teófilo anayesa kumanga mfundo, koma zala za m'bandeji zinakanika. Anayesanso, nsalu inaterereka.

“Thandizani, kompadre, anthu akudikira.”

Leoncio anagwira nsonga ziwirizo. Nsaluyo inali yofewa monga ankaidziwira, kabowo kali pakona pake, koma fungo la fodya wa Don Heriberto linali litachoka. Inkanunkhira mafuta odzola a Teófilo. Anayang'ana kumapeto kwa nsanja. Mdalayo anali ataweramira kwa Ña Eduvigis, akumvetsera zimene ankawauza, maso ali kwina.

Anamanga mfundoyo yekha. Inamuvuta pang'ono, poti anali asanaimangepo kuchokera mbali imeneyi.